Chiberekero chikalobodoka mayi atangochira

Mimba ikafika miyezi 9, magazi amene amadutsa m'chiberekero pa mphindi imodzi yokha amakwana theka la lita, nthawi zina kuposera apo. Ambiri mwa magazi amenewa amalowera pamene nsengwa yakakamira. Mwana akabadwa, nsengwa n'kumatuka, pamalo paja pamatsala bala lalikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo mitsempha yonse imene imadyetsa mwana imakhala pululu. Palibe amene amalowa m'katimo kukaimanga. Chimene chimatseka mitsemphayo ndi mnofu wa chiberekero chomwecho. Minyewa yake inalukana mopingasapingasa, mitsempha ya magazi n'kumadutsa m'mipata mwake, ndiye chiberekero chikakungika, minyewa ija imafinya mitsempha mpaka magazi kusiya. Kuundana kwa magazi kumabwera pambuyo, kudzangomalizitsa ntchito.

Tsono chiberekero chikakana kukungika, mitsempha imakhalabe yotseguka. M'mafayilo a kuchipatala amalemba kuti uterine atony kapena atonic uterus, kutanthauza chiberekero cholobodoka, chopanda mphamvu zodzimanga. Mwa amayi 10 amene amataya magazi kwambiri atangochira, pafupifupi 7 vuto lawo limakhala limeneli. Otsalawo amakhala ong'ambika njira, otsalira chidutswa cha nsengwa, kapena amene magazi awo sakuundana.

Chimene ndimafuna aliyense wokhala pafupi ndi mayi wongochira kumene adziwe, kaya ndi namwino watsopano, kaya ndi gadiyani, kaya mayi mwini wake, n'chakuti vuto ili limadziwika ndi dzanja kalekale makina asanalione.

Dzanja pamimba

Nsengwa ikatuluka, ikani chikhatho pamimba pa mayi, cha pamchombo kapena m'munsi mwake pang'ono, n'kudina. Chiberekero chabwino chimamveka chobulungira, cholimba gwa ngati dzaye, ndipo chimakhala pakati penipeni. Cholobodoka chimamveka chofewa, zala zimangolowa, nthawi zina osachipeza n'komwe malire ake. Chikakhala kuti chakwera kupitirira mchombo, kawirikawiri m'kati mwake mwadzaza magazi oundana. Chikapendekera mbali imodzi, makamaka kumanja, ndiye kuti chikhodzodzo chadzaza ndipo chikuchikankha.

Zimenezi ziyenera kuonedwa mphindi 15 zilizonse m'maola awiri oyambirira, pamodzi ndi kugunda kwa mtima, BP ndi magazi amene akutuluka. Maola awiri amenewa ndiwo amayi ambiri amatayikiramo, chifukwa aliyense amakhala atapumira m'mwamba. Mwana walira, wamangidwa mchombo, wakulungidwa m'chitenje. Namwino wathamangira kwa mayi wina amene mutu waonekera. Gadiyani wapita kukaphika phala. Mayi wafunda zitenje ziwiri, ali phee, ndipo anthu akuti watopa, agone. Pansi pa zitenjezo ndi pamene pafunika kuyang'ana.

Mayi aliyense aphunzitsidwe kudzigwira yekha asanachoke pabedi loberekera. Mutengereni dzanja lake, mumukhudzitse pamene palimba, mumuuze kuti apa pakafewa asisite ndipo aitane. Sizitenga mphindi ziwiri.

Magazi amanamiza maso

Malire amene akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri ndi 500 ml m'maola 24 oyambirira kwa mayi wochira bwinobwino, ndipo 1,000 ml ndiye kutaya koopsa. Vuto n'lakuti munthu akangoyerekeza ndi maso amachepetsa pafupifupi nthawi zonse, ndipo magazi akamachuluka ndi pamenenso amachepetsa kwambiri. Chitenje cha maluwa ofiira chimabisa, matiresi amamwa, pepala lakuda la pulasitiki limatsetsereza ena pansi. Komanso kutaya kwina sikubwera mwamkokomo. Kumangodontha osaleka, pang'onopang'ono, ola lonse, ndipo kotereku ndi kumene kumapha mwakachetechete.

Thupi la mayi wachitsikana limadziwanso kubisa. Pa nthawi ya pakati magazi amachuluka ndi pafupifupi theka, choncho BP imatha kukhala bwino ngakhale lita yathunthu itapita. Ikamadzatsika ndiye kuti zinthu zafika kale patali. Chimene chimayamba kusintha ndi kugunda kwa mtima. Kukapitirira 100 pa mphindi, musadikire BP. Pali kawerengedwe kosavuta: gawani kugunda kwa mtima ndi nambala yam'mwamba ya BP. Mayi wa kugunda 110 ndi BP ya 110/70 yankho lake ndi 1, ndipo chilichonse chofika 0.9 kupita m'mwamba n'chofunika kuthamangira, ngakhale BP yokhayo ikuoneka ngati ya munthu wabwino. Zizindikiro zina ndi ludzu losaneneka, kuyasamula pafupipafupi, thukuta lozizira, manja ozizira, chizungulire, zikope zoyera, kupuma mofulumira ndi kusakhazikika. Mayi akanena kuti "ndikuona mdima", mukhulupirireni.

Kafukufuku wa E-MOTIVE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anachitika m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania pa amayi oposa 200,000. Iwo anayala pansi pa mayi pulasitiki yokhala ndi thumba la mizere yoyezera magazi, ndipo akangofika pa 500 ml, kapena pa 300 ml pali chizindikiro china choipa, ankapereka chithandizo chonse nthawi imodzi. Kutaya magazi koopsa ndi zotsatira zake kunachepa ndi pafupifupi 60 peresenti. Munalibe mankhwala atsopano m'menemo. Chinasintha ndi kuyeza m'malo moyerekeza, ndi kuleka chizolowezi choyesa chinthu chimodzi, kudikira, n'kuyesa china. 300 ml ndi botolo limodzi lagalasi la Fanta. Kwa mayi amene analowa mu leba ali wochepa kale magazi, botolo limodzi limenelo si laling'ono.

Chimalobodoka chifukwa chiyani

Mnofu ukatanuka mopitirira muyeso umavutika kubwerera. Ndiye chifukwa chake mapasa, mwana wamkulu woposa makilogalamu 4, kapena madzi ochuluka m'mimba zimaika mayi pachiopsezo. Mnofu umatopanso: matenda a pobereka akatenga nthawi yaitali, kapena ngati mayi wakhala maola ambiri pa dripi ya oxytocin (mankhwala okunga chiberekero) yothamangitsa matendawo, chiberekero chimafika pomaliza chitatheratu mphamvu, ndipo sichimvanso bwino mankhwala omwewo. Kuchira mofulumira kwambiri kumachitanso chimodzimodzi. Palinso kubereka kambirimbiri, makamaka kuyambira kachisanu, zotupa za m'chiberekero, matenda olowa m'chiberekero nsupa ikasweka kale, ndi magnesium sulphate amene amapatsidwa amayi a BP yokwera, chifukwa iye amafewetsa minofu. Mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda monga mwanamphepo alibe mlingo wodziwika, ndipo mayi amene wamwa anene poyera kwa azamba, osaopa kukalipiridwa. Kubisa ndi kumene kumachititsa kuti asamuyang'anire moyenera.

Ziwiri zimene zimaiwalika chonsecho n'zosavuta kukonza ndi chikhodzodzo chodzaza ndi magazi oundana otsekera m'kati. Chiberekero sichingadzimange pali chinthu chochitchinga.

Koma amayi ambiri amene chiberekero chawo chimalobodoka alibe chilichonse mwa zimenezi. N'chifukwa chake jakisoni woteteza amabayidwa aliyense, osasankha.

Jakisoni wa mphindi yoyamba

Mwana akangobadwa, mzamba amagwira mimba kutsimikiza kuti mulibe wina, kenaka amabaya oxytocin 10 IU pantchafu isanathe mphindi imodzi. Kutsimikizako n'kofunika, chifukwa jakisoniyo akabayidwa m'mimba muli mwana wachiwiri, chiberekero chimamutsekera. Mankhwalawa amayamba kugwira pakatha mphindi 2 kapena 3. Nsengwa imatulutsidwa pokoka chingwe modekha chiberekero chitalimba, dzanja lina litachitchinjiriza pamwamba pa fupa la chinena. Kukoka chingwe chiberekero chili chofewa, kapena kukankha mimba kuchokera pamwamba, kungachitembenuze m'kati kukhala kunja, ndipo imeneyo ndi ngozi ina yoopsa. Nsengwa ikapanda kutuluka mphindi 30, yatsalira, ndipo ifunika kuchotsedwa ndi munthu wophunzira.

Ikatuluka, iyalidwe, ionedwe mbali zonse ziwiri. Mbali imene inakakamira kwa mayi ili ndi zigawozigawo zimene zimalumikizana bwino ukazisonkhanitsa m'manja. Pakaoneka mpata, kapena mtsempha wothera m'mphepete mwa nembanemba ngati wadukira panjira, chidutswa chatsala m'kati.

Nkhani ya furiji ndiyofunika kuinena mosapsatira. Oxytocin amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Akakhala nthawi yaitali pa kutentha kwa ku Nsanje kapena ku Karonga, m'thireyi ya pawindo, mphamvu yake imachepa koma maonekedwe ake sasintha. Namwino amabaya mlingo woyenera, chiberekero osamva, iye n'kumadabwa. Kumene magetsi amazimazima, chipimo cha m'furiji chizionedwa m'mawa ndi madzulo, ndipo mu leba muzitulutsidwa ochepa okha ogwiritsa ntchito msanga. Kumene oxytocin wodalirika palibe, pali misoprostol, mapiritsi atatu a 200 mcg akumwa mwana atangobadwa, komanso carbetocin wosaopa kutentha, 100 mcg, wotetezera basi. Misoprostol amanjenjemeretsa ndipo amatenthetsa thupi kwa kanthawi, mayi auzidwiretu. Ndipo asamwedwe mwana asanabadwe, chifukwa pa mlingo umenewu angang'ambe chiberekero.

Magazi akayamba

Choyamba n'kukuwa kuitana anzanu. Ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi, ndipo ngati m'chipatala muli namwino mmodzi usiku, gadiyani, wothandiza odwala ngakhale mlonda ali ndi chochita: kunyamula dripi, kuunikira, kuimba foni.

Dzanja lipite pamimba nthawi yomweyo. Kusisita kwake si kopusitsa mwana. Dzanja limodzi likhale pamwamba pa fupa la chinena kuchirikiza chiberekero, linalo ligwire nsonga yake n'kusisita mozungulira, mwamphamvu, mpaka chilimbe. Chikalimba, finyani kuti magazi oundana atuluke. Zimapweteka, ndipo mayi amakankha dzanja. Muuzeni chifukwa chake, koma osasiya. Chikalimba n'kufewanso mukangochotsa dzanja, ndiye kuti mankhwala sanakwane, kapena m'kati muli chotsalira.

Pamene wina akusisita, wina alowetse kathetala kuchotsa mkodzo ndipo aisiye momwemo. Wina aike makanyula (timachubu tolowetsera dripi mumtsempha) awiri aakulu, 16G kapena 18G, mkono uliwonse yake, atengeretu magazi okayeza gulu ndi Hb (muyezo wosonyeza ngati munthu ali wochepa magazi). Kanyula aikidwe msanga mitsempha isanabisale, chifukwa mayi akafooka kuipeza kumakhala kovuta zedi. Mkono umodzi ulandire normal saline kapena Ringer's lactate yothamanga. Winawo ulandire oxytocin 20 IU mu lita imodzi, madontho 60 pa mphindi. Oxytocin sakankhidwa msangamsanga mumtsempha ndi sirinji, amagwetsa BP. Ndipo madzi okhala ndi oxytocin asapitirire malita 3.

Tranexamic acid 1 g alowe mumtsempha pang'onopang'ono kwa mphindi 10. Iye sakunga chiberekero, ntchito yake n'kuletsa magazi amene aundana kuti asasungunukenso. Kafukufuku wa WOMAN wa mu 2017, wa amayi pafupifupi 20,000 m'maiko 21, anasonyeza kuti akaperekedwa asanathe maola atatu chibadwire mwana, imfa zobwera ndi kutaya magazi zimachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Maola atatu akadutsa phindu lake limatha. Ndiye si mankhwala osunga kuti tidzayese zina zikakanika. Magazi akapitirira pakatha mphindi 30, abwerezedwe 1 g wina.

Oxytocin akapanda kugwira, pali misoprostol 800 mcg pansi pa lilime, kapena ergometrine 0.2 mg. Ergometrine ndi wamphamvu, koma saperekedwa kwa mayi wa BP yokwera, amene anakomoka ndi matenda a BP ali ndi pakati, kapena wa vuto la mtima. Onani kaye m'buku la sikelo.

Pali kulakwitsa kumodzi kumene kumachitika kawirikawiri: kumangowonjezera mankhwala okunga chiberekero chonsecho chalimba kale. Chiberekero chikakhala gwa koma magazi ofiira akuyendabe, vuto si kulobodoka. Pang'ambika penapake, panjira kapena pakhomo la chiberekero, ndipo pafunika nyali yowala, zitsulo ndi ulusi. Magazi akamatuluka amadzimadzi osaundana, thirani 2 ml m'kabotolo kagalasi kouma, mukafumbate m'manja kuti kafunde. Mphindi 7 zikatha osaundana, mayiyo afunika magazi ndi zothandiza kuundana, osati madzi okha.

Manja akakhala okhawo otsala

Mankhwala akamachedwa kugwira kapena palibe, chiberekero chimapanidwa ndi manja awiri. Dzanja limodzi lovala gulovu yoyera limalowa m'njira, n'kufumbata chibakera kutsogolo kwa khomo la chiberekero. Linalo limakumba pamimba kuseri kwa chiberekero n'kuchipindira kutsogolo, kuti chipanike pakati pa manja awiriwo. N'kotopetsa, mphindi zochepa mikono imanjenjemera, choncho pakhale wolandizana naye.

Njira ina, imene ngakhale munthu wosavala gulovu angathandize, ndi kudina mtsempha waukulu wa m'mimba. Chibakera chimaikidwa pamwamba pa mchombo, chakumanzere pang'ono, n'kutsamira ndi thupi lonse mpaka kumsana, mkono uli chiwongokere. Dzanja linalo limamvetsera kugunda kwa mtsempha wa m'mphechepeche. Kugundako kukasiya kumveka, mwadina pamalo pake. Kukamamvekabe, sunthani chibakera. Njira imeneyi ndi yogulira nthawi, pokonza thiyeta kapena mu ambulansi.

Palinso kabaluni ka m'chiberekero. Kumene kulibe kogula, amamanga kondomu kunsonga kwa kathetala, kuilowetsa m'chiberekero, n'kuidzaza ndi saline 300 mpaka 500 ml kufikira magazi atasiya. Imathandiza, koma ili ndi msampha wake: anthu akaika amapumula, pamene magazi angakhale akudzadza kuseri kwa baluniyo. Iikidwe pokhapokha mwatsimikiza kuti palibe kung'ambika kapena chotsalira, mayi ayang'aniridwebe mphindi zilizonse, ndipo njira ya ku thiyeta ndi ya magazi ikhale yotseguka. Chovala chothina cha NASG, chomangidwa kuyambira m'akakolo kukwera mpaka pamimba, chimakankhira magazi ku mtima ndi ku ubongo paulendo. Chisavulidwe polandira wodwala pongofuna kumuyeza. Chimamasulidwa mayi atakhazikika kwa maola awiri, kuyambira kumapazi, gawo limodzi pa mphindi 15 zilizonse.

Ku thiyeta dokotala angamange chiberekero ndi ulusi mwa njira ya B-Lynch, angamange mitsempha yake, ndipo zonse zikakanika amachichotsa. Apa achibale amazengereza, ena kufuna kuimbira kaye amalume kapena bambo amene ali ku Joni. Ndikumvetsa kulemera kwake, makamaka kwa mayi wa mwana woyamba. Koma chiberekero chochotsedwa mochedwa sichipulumutsa munthu, chifukwa pofika apo magazi amakhala atasiya kuundana. Nkhani yoti adzavomereze ndani zinthu zikavuta ikambidwe pabanja mimba ikadali ya miyezi 7.

Za kutumiza ndi za pambuyo

Chipatala chaching'ono chisadikire kuti mayi afooke kuti chiitane ambulansi. Foni iimbidwe pamene chithandizo choyamba chikuperekedwa. Kuibweza panjira magazi atasiya kulibe mlandu. Mayi anyamuke ndi madripi awiri akuyenda, kathetala ili m'malo, miyendo itakwezedwa, atafunditsidwa bwino chifukwa thupi lozizira magazi ake saundana msanga. Apite ndi namwino, osati gadiyani yekha, ndi kalata yolemba nthawi imene mwana anabadwa, magazi amene atayika, mankhwala alionse ndi ola limene anaperekedwa. Kalata yongoti "PPH, please manage", kutanthauza kuti wataya magazi atachira, muthandizeni, imachititsa olandira kuyambira pachiyambi, kapena kubwereza ergometrine amene waperekedwa kale. Magazi oika anthu m'zipatala zathu ambiri amachokera ku Malawi Blood Transfusion Service, ndipo amadalira anthu opereka mwaufulu. Amasowa kwambiri sukulu zikatsekera, popeza ambiri opereka ndi ophunzira.

Zambiri zimakonzekanso kusikelo. Mayi wa Hb yosafika 11 ndi wochepa magazi, ndipo yosafika 7 ndi woopsa. Mapiritsi a ayironi amene ambiri amawasiya chifukwa cha nseru ndi chimbudzi chakuda, Fansidar wa kusikelo, neti ndi mankhwala a njoka zam'mimba, zonsezi ndi zimene zimapatsa mayi magazi oti akataye ena n'kukhalabe moyo. Ayironi akamasautsa, amwedwe usiku pogona kapena ndi chakudya pang'ono, koma osati ndi tiyi, chifukwa tiyi amalepheretsa kuti alowe m'thupi.

Kuyamwitsa mwana ola loyamba kumathandiza, popeza bere likayamwidwa thupi limatulutsa oxytocin wake, ndipo ndicho chifukwa chake mayi amamva cham'mimba poyamwitsa. Koma sikulowa m'malo mwa jakisoni. Mayi akodze pafupipafupi, ndipo asatuluke m'chipatala asanathe maola 24 ngakhale akumva bwino.

Kunyumba, m'chikuta, magazi amayenera kumachepa tsiku ndi tsiku, kuchoka pa ofiira kupita pa otuwira. Akayambanso kuchuluka, akamanyowetsa padi m'kanthawi kochepa, akamatuluka ndi zibuma zazikulu, akamanunkha, kapena thupi likatentha, mayi abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa nthawi zambiri ndi chidutswa chotsalira kapena matenda m'chiberekero. Amene anatayapo magazi apitirize ayironi kwa miyezi itatu, ndipo aonetsetse kuti zalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Vutoli limakonda kubwereza, choncho mimba yotsatira akachirire ku chipatala chokhala ndi thiyeta ndi magazi, apite kukadikirira komweko masiku asanakwane, ndipo kanyula aikidwe matenda akangoyamba.